Chilona Chitanyamula a Sichali

Za ubwana wanga ku Ntcheu sindilemba pano. Azakhali anu amazidziwa kuposa ine, ndipo amazikometsa bwino. Chimene ndikufuna musunge, ana anga, ndi mbiri ya ntchito imene inakulerani, makamaka tsiku limodzi limene nthawi zonse ndimalifotokoza mothamanga. Lero ndilifotokoza lonse, ngakhale mbali imene siindikomera.

Chaka choyamba: pa Boma

Nditamaliza maphunziro a ulangizi wa zaulimi, kalata inabwera yoti ndikayambe ntchito ku Chitipa. Agogo anu aamuna anaiwerenga kawiri, kenako anafunsa kuti, "Kumeneku ndi ku Malawi konkuno?" Ndinayenda masiku awiri, ndipo pofika pa Boma tsitsi, nsidze ndi sutikesi zonse zinali zofiira ndi fumbi. Mkulu wa ofesi yathu anali Bambo Gondwe, munthu wamtali wosakweza mawu, amene akakwiya ankangovula magalasi n'kuwaika patebulo. Za satifiketi sanandifunse. Anayang'ana mapazi anga n'kunena kuti, "Nsapato zimenezi n'zovinira. Kuno timayenda." Sananame. Njinga yamoto inali imodzi ofesi yonse, ndipo ikakhala bwino petulo kunalibe, petulo akapezeka iyo inali itadwala. Mapepala akatha tinkalemba malipoti kuseri kwa mafomu akale. Chaka chimenecho ndinaphunzira kunena "monire" popereka moni ndi "yewo" pothokoza, ndiponso kuti mlimi wa kuno samva uphungu wa munthu amene sanayambe wamufunsa za kunyumba.

Chaka chachiwiri mpaka chachisanu: Wenya

Ku Wenya ndinakhala zaka zinayi, ndikuyenda pansi mudzi ndi mudzi ndi nkhani za chimanga, nyemba ndi manyowa. Kumeneko ndi kumene amayi anu ananditsatira titakwatirana, ndipo n'kumene iwe Chikondi unabadwira. Ntchito inkayenda, alimi ankandikonda, ndipo penapake m'zaka zimenezo ndinayamba kudziona ngati munthu wodziwa zinthu. Matenda amenewa amalowa mwakachetechete. Munthu akakuyamika kawiri, kachitatu sumvanso zimene akukuuza.

Chaka chachisanu ndi chimodzi: Misuku

Anandisamutsira ku mapiri a Misuku kuti ndikathandize alimi a khofi. Malo athu otsukira ndi kuyanikira khofi anali m'chigwa, moyang'anizana ndi nkhalango ya Mughese. Kapitawo wa pamalopo anali a Sichali, bambo wamfupi, woonda koma wamphamvu ngati nyerere, wokonda nthabwala ngakhale pa maliro. Akazi awo, Mayi Nakayange, ndi amene ankatsogolera amayi osankha khofi pa mathandala, matebulo aatali a mitengo amene tinkayanikapo. Iwowa nthabwala analibe. Ankalankhula kamodzi, ukapanda kumva n'zako.

Vuto lathu linali lakuti m'chigwamo dzuwa linkafika mochedwa n'kuchoka msanga, ndipo nkhungu ya m'mawa inkachedwa kubalalika. Khofi ankatenga masiku ambiri kuti aume, wina n'kuchita chuku. Ine nditayang'ana uku ndi uku ndinaona msana wa phiri pamwamba pathu, posalala bwino, padzuwa tsiku lonse, mphepo ikupita. Ndinalamula kuti mathandala asamukire pamenepo. Amuna anavomera. Koma Mayi Nakayange anandiitana kuti tikwere tonse ndikaone kanthu.

Titafika pamwamba anandiimika m'mphepete, mbali ya kum'mawa kumene phiri limatsetsereka kulowa m'chigwa. Anatola tsamba louma la nthochi n'kuliponya kumunsi. Tsambalo silinagwe. Linakwera, kudutsa pamwamba pa mitu yathu, n'kukatera kumbuyo kwathu kutali.

"Mwaona, Alangizi?" anatero. "Mphepo ya kwanu imayenda chogona. Ya pano yayi. Imabwera m'chigwa, ikagunda phiri ilibe kolowera, ndiye imakwera. Dzuwa likatentha miyala iyi, mpweya wotentha nawonso umakwera, ziwirizo n'kukhala pamodzi. Pano mphepo imachokera pansi pa mapazi."

Kenako analoza akhwangwala anayi amene anali m'mwamba patsogolo pathu, atangotambasula mapiko, osakupiza ngakhale kamodzi, koma osagwa. Anati, "Mukaona awo aima choncho, musatambasule kanthu pano. Ngakhale chitenje."

Ndinawathokoza mwaulemu wa munthu amene sakumva. Ndinati, "Amama, mphepo imeneyo ndi imene tikuifuna. Ndi imene iumitse khofi." Anandiyang'ana, n'kutsika phiri. Ndipo zoona khofi anauma msanga chaka chimenecho, woyera bwino. Bambo Gondwe anandilembera kalata yoyamikira, ine n'kuimata pakhoma.

Chaka chachisanu ndi chitatu: mwezi wa Ogasiti

Chimene chinkativutabe pamwambapo chinali mvula ya mawawa imene imatsika kuchokera ku nkhalango nthawi yozizira, mosachenjeza. Ikayamba, tinkathamanga kuwola khofi m'matumba, ikasiya n'kumuyanikanso. Zaka ziwiri ndinkapempha chilona, chinsalu cholimba chija amafunditsira katundu pa lole, chachikulu choti n'kuphimba mathandala onse. Potsiriza chinabwera. Bambo Gondwe anachibweretsa okha, ndipo pondipatsa anati, "Ndi chimodzi chokhachi m'dera lonse. Anzanu a mbali zina akuchidikira mukamaliza. Chibwere chathunthu." Ndinalonjeza.

Tsikulo kunacha bwino, dzuwa n'kuwomba mwamphamvu mpaka masana. Cha m'ma thu koloko tinaona mtambo wakuda ukutsika ku Mughese. Khofi amene anali pa mathandala anali atatsala tsiku limodzi kuti aume, ndipo anali wa mabanja ambiri. Ndinakuwa kuti atulutse chilona. Ndikukumbukira kuti Mayi Nakayange anayang'ana kumwamba, ine ndinayang'ananso. Akhwangwala analipo, ataima duu ngati owapachika pa ulusi. Ndinawaona ndithu. Sindinganame kuti sindinawaone. Ndinangoti mumtima, ndi mphindi zochepa chabe, timanga msanga.

Maganizo anga anali oti chilonacho chikhale ngati denga, chisagone pa khofi. Mbali ya kuchigwa kunali mitengo iwiri ya bulugamu, wina kumpoto wina kumwera, ndipo tinamangako ngodya ziwiri ndi zingwe zazitali, m'mwamba ndithu. Ngodya ziwiri zotsalazo zinayenera kukokedwa kudutsa pamwamba pa mathandala n'kukakhomeredwa pansi mbali inayo. A Sichali analumikiza zingwe za ngodya zimenezo, ndipo popeza m'manja munali hamala ndi zikhomo, anadzimanga nazo m'chiuno n'kuyamba kukoka chobwerera m'mbuyo, akuseka kuti asanduka ng'ombe ya pangolo. Ndinaona, ndinaseka nawo.

Chimene chinatsatira chinachitika mwachangu kuposa mmene ndikulemberamu. Mphepo inalowa pansi pa chilona. Sinachikankhire kumbali ayi, inachitukula. Chinafufuma ngati mimba, chinalira kuti phuu, ndipo a Sichali anathamangitsidwa masitepe atatu ndi zala za kumapazi, kenako mapazi aja sanagundenso pansi. Hamala inagwera pa thandala. Pamene ndinkati nditsegule pakamwa, munthu anali ali m'mwamba kupitirira denga la nyumba, akulendewera pa chingwe, miyendo ikupalasa mphepo.

Anthu onse anathamangira ku zingwe za pa mitengo ija n'kuyamba kukoka kuti achitsitse. Inenso ndinagwira cha kumwera. Koma ndinaona chinthu choopsa. Tikakoka, chilona chinkadzaza mphepo kwambiri n'kukwera. Tikatopa n'kulekerera pang'ono, chinkatsika pang'ono. Tinkamukweza ndife, ndi chikondi chathu chomwecho. Ndinakuwa kuti, "Lekani kukoka!" koma mphepo inkalanda mawu pakamwa, ndiponso ndani angasiye chingwe chimene mnzake akulendewerako? Nditayang'ana pa mtengo ndinaona kuti zingwezo zikudyeka pa khungwa, ulusi ukuduka umodziumodzi. Zikanaduka zonse ziwiri, chilona chikanapita nawo kuseri kwa phiri, kumene kuli phompho la miyala yokhayokha.

M'mutu munandibwerera chinthu chaching'ono cha kunyumba. Nsalu ya pabedi ikayanikidwa yomangidwa mbali zonse ziwiri, imafufuma ndi mphepo. Mbali imodzi ikamasuka, imangopupuma yopanda mphamvu. Ndinadziwa kuti ndiyenera kudula chingwe chimodzi, chimodzi chokha, kuti mphepo ithawire mbali imeneyo. Koma ndinadziwanso kuti ndikatero munthuyo agwa, ndipo chotsalacho chikhoza kuduka ndi kugwedezekako. Ndinayang'ana pansi. Kumbuyo kwa mtengo wa kumpoto kunali miyala ndi mulu wa njerwa. Kumbuyo kwa mtengo wa kumwera kunali munda wa nthochi. Chilona chikanagwera kumbuyo kwa mtengo umene chatsala chomangidwako. Choncho chodula chinali cha kumpoto.

Ndinatola chikwanje chimene tinkasongolera zikhomo n'kuthamangira kumeneko. Patsogolo pa onse ogwira chingwecho panali Mayi Nakayange, atachikulunga m'manja, zidendene zitazama m'dothi. Ataona chikwanje anadziwa.

"Yayi, Alangizi! Mukadula mwawapha!"

"Amama, siyani chingwe. Tikamakoka akukwera."

"Ndi amuna anga awa! Simudula!"

Ndinalibe nthawi yowafotokozera, ndiponso ndinalibe nkhope yowaphunzitsa za mphepo, ine amene ndinakana kuphunzira kwa iwo. Ndinangoti, "Mundikhululukire," ndipo ndinatema chingwe patsogolo pa manja awo, pamene chinali chitakungika ngati waya. Kamodzi sichinaduke. Kachiwiri chinaduka, ndipo onse amene ankakoka anagwa chagada.

Ngodya ija inakwapula m'mwamba ngati mkwapulo. Chilona chinapendekeka, chinapindika pakati, mphepo n'kutulukamo ndi phokoso ngati la lole yotsitsa mchenga. A Sichali anayenda chozungulira m'mwamba kulowera kumwera, akutsika, poyamba pang'onopang'ono, kenako msanga, mpaka anazimirira m'nthochi, chilona n'kuwafundika pamwamba. Chingwe cha kumwera chinagwira. Pa moyo wanga wonse sindinathokozepo chinthu chopanda moyo ngati mmene ndinathokozera chingwe chimenecho.

Mvula ya mawawa ija inali itayamba, koma palibe anakumbuka khofi. Tinathamangira m'nthochimo n'kuyamba kufukula chilona. Tinawapeza atagona chammbali pakati pa nthochi ziwiri zothyoka, maso otseka, magazi akutuluka pachipumi, mwendo wakumanzere utapindika pamene mwendo supindika. Ndinagwada n'kuika khutu pa chifuwa. Mtima wanga unkagunda kwambiri moti sindinkadziwa kuti ndikumva wa yani. Kenako anatsokomola, n'kubuula. Amayi ena anayamba kulira pamenepo, pamene zinadziwika kuti ali moyo.

Panafunika machira, ndipo panalibe china. Ndinatenga chikwanje chomwe chija n'kucheka chilona cha Bambo Gondwe, chidutswa chachikulu chapakati pomwe, tinachimanga pa mitengo iwiri. Tinatsika nawo phiri mosinthana mapewa mpaka kumsewu, kumene galimoto yonyamula nthochi inavomera kutitenga. Ulendo wonse wa ku Boma, Mayi Nakayange anakhala atanyamula mutu wa amuna awo pamiyendo. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Ku chipatala anatilandira msanga, ndipo anati mwendo wathyoka pawiri, nthiti ziwiri zasweka, koma za mutu tidikire tione.

Mawa lake ndinakhala mu ofesi ndi pepala patsogolo. Lipoti losavuta linalipo, ndipo palibe akanalitsutsa: kunabwera mphepo yamkuntho mwadzidzidzi, inang'amba chilona, munthu anavulala. Ndinalemba mzere woyamba wa lipoti limenelo, n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinatembenuza pepala n'kulemba zoona: kuti malowo ndinasankha ndine, kuti ndinachenjezedwa zaka ziwiri m'mbuyomo, kuti zizindikiro ndinaziona tsikulo, kuti ndinaona munthu akudzimanga chingwe m'chiuno osamuletsa, ndiponso kuti chilona ndinachidula ndekha, kawiri: poyamba chingwe chake, kenako nsalu ya machira ija.

Bambo Gondwe anawerenga mpaka kumapeto. Anavula magalasi n'kuwaika patebulo, ine n'kudziwa kuti kwanga kwatha.

"Mukudziwa kuti lipoti ili likapita kutsogolo mulandira kalata yochenjeza?" anafunsa.

"Ndikudziwa, bwana."

"Ndipo zokwezedwa muiwale kaye."

"Inde, bwana."

Anapukuta magalasi ndi mpango. Kenako anati, "Ndinakuuzani kuti chibwere chathunthu. Usiku wonse mawu amenewo andisowetsa tulo. Ndimaopa kuti mwina munachedwa kudula chifukwa cha ine."

Ndinawauza zoona, kuti pa nthawiyo sindinawakumbuke n'komwe.

"Yewo," anatero, akupuma mozama. "Ndi chinthu chokhacho chanzeru chimene mwachita mwezi uno." Kenako anandipatsa ntchito: ndilembe tsamba limodzi lopita kwa alangizi onse a m'mapiri, m'mawu a mayi amene anandichenjeza, dzina lawo likhale pamwamba. Ndinalembamo kuti pa msana wa phiri mphepo imanyamula kuchokera pansi, kuti chinsalu chachikulu chizitambasulidwa chogona, choyamba kupanikizidwa ndi miyala mbali yochokera mphepo, ndipo kuti munthu asadzimange chingwe chake pathupi ngakhale kunja kutakhala bata lotani. Kalata yochenjeza ija inabweradi, ndipo anzanga amene tinayamba limodzi anandipitirira. Sindinadandaule. Mathandala tinawatsitsira pakatikati pa phiri, potetezeka, ndipo khofi ankauma bwinobwino, kungochedwerapo tsiku limodzi.

Koma pa tsiku lachitatu chichitikireni ngozi ija, zonsezi zinali zisanachitike, ndipo chimene ndinkaopa kuposa kalata chinali khomo la wodi ya amuna. Masiku atatu amenewo chakudya sichinkatsika. Amayi anu anatumiza uthenga kuti ndibwere kunyumba, ine ndinkangozungulira pa Boma ngati nkhuku yodwala chitopa. Masana a tsikulo ndinalimba mtima n'kulowa.

Ndinawapeza a Sichali atakhala tsonga motsamira pilo, mwendo uli mu pulasitala, pachipumi pali bandeji, akudya phala. Mayi Nakayange anali pa mpando pambali pawo. Ndinapereka moni, a Sichali anayankha mokondwa, koma mayiwo anangoyang'ana pansi. Ndinayamba mawu amene ndinawakonza masiku atatu, opepesa, koma anandidula.

"Alangizi, bwerani muone."

Anatambasula manja awo onse awiri. Zikhatho zinali zosupuka, mzere wa chingwe utadya mnofu kuyambira pa chala chachikulu mpaka kumapeto.

"Ine ndimadziwa kuti tikamakoka akukwera," anatero motsitsa mawu. "Ndinaona kale inu musanaone. Koma manja awa anakana kumva. Mukanapanda kudula, sindikanasiya, ngakhale chikanandinyamula nanenso. Masiku awiri ndinakukwiyirani chifukwa cha phiri lija. Za phiri ndidakakwiyabe. Koma za chikwanje, yewo chomene."

A Sichali anaika supuni m'mbale n'kundikodola kuti ndiyandikire, ngati ali ndi chinsinsi.

"Alangizi, dokotala akuti mutu uli bwino, ndiye zimene ndinene musati ndapenga. Ndili m'mwamba muja ndinaona mudzi wonse, tchalitchi, msewu, mpaka nyumba yanga. Ndiye mukudziwa? Denga lija n'lobookadi, mbali ya kukhitchini. Chibowo chachikulu chonchi. Amayi awa akhala akundiuza chaka chonse, ine ndimati akukokomeza."

Mayi Nakayange anatembenuka n'kuwayang'ana amuna awo kuyambira ku bandeji mpaka ku pulasitala.

"Ndiye mpaka mphepo ichite kukukwezani kuti mukhulupirire?"

A Sichali anaseka mpaka anagwira nthiti zosweka zija akubuula, odwala a m'mabedi oyandikana nawonso anaseka, ndipo potsiriza mayiwo anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Namwino anabwera kudzatithamangitsa kuti tikusokoneza odwala.

Ndinatuluka panja. Pageti panali mayi wogulitsa nthochi zowotcha. Ndinakhala pansi pomwepo m'mbali mwa msewu, pafumbi, ndi malaya a ku ofesi, njinga zikudutsa, ndipo ndinadya zisanu ndi imodzi motsatizana. Mayiyo anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Adada, kodi odwala anu ali uli?"

Ndinati, "Akuseka."